SAMUEL SHARPE, DIKONI WA KU MONTEGO BAY

Pakati pa mzinda wa Montego Bay, kumpoto chakumadzulo kwa chilumba cha Jamaica, pali bwalo pamene misewu ingapo imakumana. Pambali pa bwalolo paima chifanizo cha munthu wonyamula Baibulo, akulankhula ndi kagulu ka anthu amene akumumvetsera. Mlendo wosadziwa mbiri ya dzikolo angaganize kuti ameneyu adali bishopu kapena mmishonale wina wotchuka. Koma ayi, iyeyu adali kapolo, ndipo udindo umene adakhala nawo pa moyo wake udali wa udikoni basi, mu mpingo wa Baptist wa mumzindamo. Pa bwalo lomweli ndi pamene adamunyonga pa 23 Meyi 1832. Dzina lake lidali Samuel Sharpe, ngakhale akapolo anzake ankamuitana kuti Daddy Sharpe, ndiye kuti Tate, dzina laulemu limene ankapatsa atsogoleri awo a zauzimu.

Sharpe adabadwa cha m'ma 1801 m'boma la St James, ndipo adabadwira mu ukapolo. Ngakhale dzina limene akudziwika nalo lero silidali la makolo ake. Lidali la mbuye wake, mzungu wina wogwira ntchito ya uloya ku Montego Bay, pakuti udali mwambo wa masiku amenewo kuti kapolo azitchedwa dzina la mwini wake monga momwe ng'ombe imasindikizidwira chizindikiro. Poyerekeza ndi anzake, iye adali ndi mwayi. A m'banja la mbuye wake sankamuzunza, ndipo adapeza mpata wophunzira kuwerenga ndi kulemba, chinthu chimene akapolo ambiri adafa osachilawa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira bwino, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti woukira ulamuliro amakhala munthu amene msana wake wadzaza zipsera za chikoti. Sharpe sadali wotero. Chimene chidamuwawa sichidali chikoti chogwa pa msana wake, koma ganizo lakuti munthu angakhale chuma cha munthu mnzake.

Jamaica wa nthawi imeneyo adali dziko la nzimbe. Dziko la Britain lidaletsa malonda ogula anthu ku Africa mu 1807, koma lamulolo silidamasule amene adali kale mu ukapolo, kotero kuti pofika mu 1831 pachilumbapo padali akapolo oposa 300,000, ndipo pa mzungu mmodzi aliyense padali akapolo oposa khumi. Mawu akuti atsamunda amawayenera bwino azungu amenewa, popeza adalidi eni minda, ndipo Nyumba ya Malamulo ya pachilumbapo, makhoti ndi asilikali a m'maboma zonse zidali m'manja mwawo. Akapolo ankagwira ntchito m'magulu kuyambira m'bandakucha kufikira dzuwa litalowa, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti. Nyengo yodula nzimbe ikafika, zigayo zofinyira madzi a nzimbe ndi ng'anjo zophikira shuga zinkagwira ntchito usana ndi usiku. Chakudya chawo ankalima okha m'timinda ta kumapiri, ndipo tsiku la Mulungu ndilo lidali tsiku lopita ku msika kukagulitsa zotsala. Munthu wosankha kupita ku tchalitchi tsiku limenelo ankadziwa kuti wataya ndalama ya mchere ndi nsalu.

Mpingo wa Baptist sudafike ku Jamaica ndi azungu. Udafika ndi George Liele, munthu wakuda amene adamasulidwa ku ukapolo ku Georgia, ku America, nafika ku Kingston kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1780. Mnzake Moses Baker ndiye adafalitsa mpingowu kumadzulo kwa chilumba, m'dera lomwelo la St James. Ntchito itawakulira, anthuwa adapempha thandizo ku bungwe la Baptist Missionary Society ku England, ndipo mmishonale woyamba, John Rowe, adafika mu 1814. Mbusa Thomas Burchell adayamba ntchito ku Montego Bay mu 1824, ndipo William Knibb adakhazikika ku Falmouth, mzinda woyandikana nawo, mu 1830. Motero pamene amishonale a chizungu ankafika, adapeza chikhristu cha anthu akuda chitazika kale mizu, chili ndi atsogoleri ake ndi miyambo yake.

Tsono mbusa mmodzi sakadatha kuyendera akhristu mazanamazana omwazikana m'minda yambirimbiri, makamaka popeza eni minda ambiri sankafuna kuona phazi la mmishonale pakhomo pawo. Mutu umodzi susenza denga. Choncho mpingo udagawidwa m'timagulu, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake, ndipo mkhristu aliyense ankalandira tikiti yosonyeza kuti ndi wa mumpingo kapena ndi wophunzira. Pamwamba pa atsogoleriwa padali madikoni. Dikoni ndiye ankatsogolera mapemphero a usiku m'nyumba za akapolo, ndiye ankaphunzitsa ofuna ubatizo, ankazonda odwala, ankaweruza mikangano ya m'mabanja, ankasonkhanitsa zopereka, ndiponso ndiye ankauza abusa kuti uje ndi woyenera kubatizidwa, uje ayambe wadikira. Mbusa ankaoneka pa guwa tsiku la Mulungu, koma masiku ena onse mpingo udali m'manja mwa madikoni. M'dziko limene munthu wakuda sankaloledwa kukhala mfumu, woweruza kapena mphunzitsi, udikoni udali mpando wokhawo umene kapolo akadakhalapo mwa ulemu wochokera kwa anthu a mtundu wake.

Pa mpando umenewu ndi pamene Burchell adaika Samuel Sharpe, ndipo ntchitoyo idamupatsa mwayi woyenda munda ndi munda popanda womukayikira. Zambiri zimene zikudziwika za khalidwe lake zidachokera kwa Henry Bleby, mbusa wa mpingo wa Methodist amene adacheza naye kangapo m'ndende, nalemba za iye m'buku lotchedwa Death Struggles of Slavery mu 1853. Bleby sadali wa mpingo wa Sharpe, ndipo sadagwirizane ndi kuukira, komabe adavomera kuti sadakumanepo ndi kapolo wanzeru zakuya ngati ameneyu. Adamumva akulankhula ndi akaidi anzake, nazizwa ndi momwe mawu ankatulukira mosadodoma, ndiponso momwe omvera ankatengekera mtima. Anthu otere amapezeka apa ndi apo m'mipingo: salalata, sakhala ndi mkanjo kapena digiri, koma akaimirira kuti apemphere, ngakhale ana amasiya kusewera.

Kuwerenga kuja ndiko kudamutsegula maso. Kuwonjezera pa Baibulo, Sharpe ankawerenga nyuzipepala, ndipo nyuzipepala za mu 1831 zidali zodzaza ndi nkhani imodzi. Ku London, Thomas Fowell Buxton ndi anzake adali kukakamiza Nyumba ya Malamulo kuti ithetse ukapolo. Eni minda ku Jamaica adapsa mtima, nachititsa misonkhano m'maboma osiyanasiyana, kumene ena adaopseza kuti achotsa chilumbacho m'manja mwa Britain ndi kuchiphatikiza ku America. Ankalankhula zimenezi mokweza pa tebulo, akapolo akuwaperekera chakudya, ngati kuti operekerawo adalibe makutu. Posakhalitsa mphekesera idafalikira m'minda yonse yakuti Mfumu ya ku England idasaina kale kalata ya ufulu, koma eni minda aibisa. Pamene Burchell adapita ku England chaka chomwecho chifukwa cha kudwala, anthu adati wapita kukatenga kalatayo. Mfumu William IV idatulutsa chilengezo chotsutsa mphekeserayi pakati pa chaka, koma bwanamkubwa wa Jamaica, Lord Belmore, adachisunga osachilengeza kufikira masiku ochepa Khirisimasi isanafike. Pamenepo madzi adali atafika kale m'khosi.

Maganizo a Sharpe adali osavuta kuwamva, koma adali atsopano m'dziko la akapolo. Iye sadafune nkhondo. Adafuna kuti tchuthi cha Khirisimasi chikatha, akapolo onse akhale pansi, akane kugwira chikwanje kufikira eni minda atavomera kuwalipira monga antchito aufulu, ndipo amenye pokhapokha ngati azungu ayamba kuwakakamiza ndi mfuti. Nthawi adaisankha mwanzeru. Nzimbe ku Jamaica zimakhwima chaka chikamayamba, ndipo zikachedwa kudulidwa zimataya shuga, pamene zodulidwa kale zikagona masiku angapo osafinyidwa zimasasa. Milungu yochepa ya kunyanyala ikadatha kuwononga phindu la chaka chathunthu. Kunyanyala ntchito kumene lero kumaoneka ngati chida cha masiku onse cha apantchito, dikoni ameneyu adakuganiza pa nthawi imene ngakhale ku England mabungwe a apantchito adali akhanda.

Njira imene adafalitsira maganizowa idali ya udikoni womwewo. Mapemphero a usiku akatha, iye ankapempha anthu ena okhulupirika kuti atsalire. Msonkhano wodziwika kwambiri udachitikira pa munda wa Retrieve, m'nyumba ya kapolo wina dzina lake Johnson. Kumeneko Sharpe adafotokoza zimene adawerenga, nakumbutsa anthu chiphunzitso cha pa Mateyu 6:24 chokhudza kutumikira ambuye awiri, nawauza kuti Mulungu sadalenge munthu kuti akhale katundu. Pomaliza aliyense ankapsompsona Baibulo ndi kulumbira kuti sadzagwira ntchito Khirisimasi ikapita, ndiponso kuti sadzaulula chinsinsi. Olumbirawo ankabwerera ku minda yawo kukalumbiritsa ena. Abusa a chizungu sadauzidwe kanthu.

Apa ndi pamene pali mfundo yovuta pa moyo wa munthuyu, ndipo wolemba mbiri woona mtima sangailambalale. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteo, mutu 3, pofotokoza za munthu woyenera udikoni, imafuna munthu wa mawu amodzi, osati wonena china kuno china uko. Nanga Sharpe, amene adabisira abusa ake zimene ankachita m'dzina la mpingo, naonjezera mphamvu mphekesera ya kalata ya ufulu imene kudalibe, adakwaniritsa muyeso umenewu? Anthu ambiri adalumbira chifukwa chokhulupirira kuti Mfumu ili kumbali yawo ndipo asilikali ake sadzawaombera. Adalakwitsa, ndipo ambiri adalipira ndi moyo wawo. Mlandu umenewu sungachotsedwe wonse pa mutu wa Sharpe. Komabe woweruza ayenera kuyang'ananso mbali inayo. Amishonale adatumizidwa ndi lamulo lochokera kwawo lakuti asalowerere nkhani ya ukapolo, koma aphunzitse akapolo kumvera. Sharpe akadawauza, iwo akadamuletsa kapena kumuneneza, ndipo podziwa chinsinsicho akadakhala pa ngozi ya kunyongedwa. Kubisa kwake kudateteza abusawo. Ndiponso pa nkhani yaikulu, yakuti ukapolo ndi tchimo pamaso pa Mulungu, dikoni adawerenga Baibulo molondola kuposa ambiri mwa amene adamuphunzitsa, ndipo adanena poyera pa nthawi imene iwo adali chete.

Khirisimasi ya 1831 idagwa tsiku la Mulungu. Lachiwiri pa 27 Disembala, William Knibb, atamva mphekesera za zimene zinkakonzedwa, adalankhula kwa khamu la anthu pa tchalitchi cha Salter's Hill, nawauza mosabisa kuti anyengedwa, kalata ya ufulu kulibe, ndipo abwerere ku ntchito. Anthu adang'ung'udza, ena nayamba kunena kuti mbusayo wagulidwa ndi eni minda. Usiku wa tsiku lomwelo moto udabuka pa munda wa Kensington, pa phiri loonekera kutali, ndipo minda ina idayankha ndi moto wawo. Moto umapita kumene kwatsala tchire. M'masiku ochepa nyumba za eni minda, zigayo ndi nkhokwe za shuga m'maboma a kumadzulo zidasanduka phulusa, ndipo kunyanyala kwamtendere kumene Sharpe adakonza kudasanduka nkhondo. Olemba mbiri ena amati akapolo okwana 60,000 adakhudzidwa. Pa 29 Disembala gulu la akapolo okhala ndi mfuti lidamenyana ndi asilikali a eni minda pa Montpelier. Johnson wa ku Retrieve uja adafera pomwepo, koma Colonel Grignon, mtsogoleri wa asilikaliwo, adachita mantha nabwerera ku Montego Bay, kusiya dera lonse la kumtunda m'manja mwa oukira.

Chimwemwe chawo sichidakhalitse. Boma lidalengeza ulamuliro wa asilikali, Sir Willoughby Cotton adafika ndi asilikali a Mfumu, omwe aja anthu ankati sadzaombera, ndipo a Maroon, mbadwa za akapolo othawa kale amene adapangana mtendere ndi boma, adathandiza kusaka oukira m'mapiri. Pofika pakati pa Januwale 1832 mphamvu ya kuukira idali itathyoka.

Chiwerengero cha akufa chimanena zambiri za mbali ziwirizi. Katundu woposa mapaundi 1,000,000 adawonongeka, koma azungu amene adaphedwa adali 14 okha, ngakhale kuti kwa masiku angapo mabanja ambiri a azungu adali m'manja mwa akapolo awo. Anthu olusa ofuna magazi sakadasiya chiwerengero chotere, ndipo nkovuta kukana kuti chiphunzitso cha Sharpe ndi madikoni anzake ndicho chidagwira manja a anthu. Kumbali ya akapolo, pafupifupi 200 adafa pa nkhondo, ndipo oposa 300 adaphedwa pambuyo pake mwa chiweruzo cha makhoti. Milandu inkatha m'mphindi zochepa. Bleby adaona ndi maso ake anthu akunyongedwa atatu kapena anayi nthawi imodzi pa bwalo la Montego Bay, mitembo ikuunjikidwa pambali kudikira ngolo, anthu a mumzinda akupitiriza malonda awo chapafupi.

Ukali wa eni minda udagweranso mipingo. Mu Januwale 1832 adakhazikitsa bungwe lotchedwa Colonial Church Union, limene mmodzi mwa atsogoleri ake adali mbusa wa Anglican, George Wilson Bridges, ndipo anthu a bungweli adagwetsa ndi kutentha matchalitchi a Baptist ndi a Methodist, kuphatikizapo cha Burchell ku Montego Bay ndi cha Knibb ku Falmouth. Knibb adamangidwa. Burchell, pobwera kuchokera ku England wopanda kalata iliyonse ya ufulu, adamangidwa asanatsike n'komwe m'sitima. Bleby adamupaka phula ndi cholinga chomuyatsa moto, koma adapulumuka. Chimene eni minda ankafunitsitsa chidali umboni wakuti amishonale ndiwo adayambitsa zonsezi.

Umboni umenewo sadaupeze kwa Sharpe. Iye adadzipereka yekha m'manja mwa boma, ndipo m'ndende adanena mobwerezabwereza kuti abusa sadadziwe kanthu, maganizo onse adali ake. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Milandu ya Knibb ndi Burchell idagwa chifukwa chosowa mboni zoona. Kwa Bleby, Sharpe adaonetsa chisoni chachikulu chifukwa cha moto ndi imfa zimene sadazifune, makamaka imfa za anthu amene adamukhulupirira. Adavomeranso kuti mbuye wake adamusunga bwino. Koma pa nkhani ya ufulu sadabwerere m'mbuyo ngakhale phazi limodzi. Adati Baibulo lidamuphunzitsa kuti mzungu alibe ufulu wosunga munthu wakuda mu ukapolo, monganso munthu wakuda alibe ufulu wosunga mzungu, ndipo ponena za mtengo wonyongerapo anthu, adati kufera pamenepo kudali kwabwino kwa iye kuposa kukhala moyo ali kapolo.

Adamuweruza mu Epulo, namunyonga pa 23 Meyi 1832, ali ndi zaka pafupifupi 31. Adayenda kupita pa bwalo mosanjenjemera, atavala zovala zoyera zatsopano zimene amayi a m'banja la mbuye wake adamusokera. Polankhula komaliza adavomera kuti adaphwanya malamulo a dziko, nati chiyembekezo chake chili mwa Mpulumutsi. Malamulo a Jamaica ankati kapolo akaphedwa ndi boma, mwini wake alipidwe mtengo wake, pakuti pamaso pa lamulo chimene chidatayika tsiku limenelo chidali katundu.

Zotsatira zake zidabwera mofulumira kuposa momwe aliyense ankayembekezera. Mwezi womwewo wa Meyi, Nyumba ya Malamulo ku London idakhazikitsa komiti yofufuza njira yothetsera ukapolo. Knibb, yemwe uja adauza anthu ku Salter's Hill kuti abwerere ku ntchito, adafika ku England ali munthu wina. Adaphwanya lamulo la bungwe lake lokhala chete, nayenda mizinda yambiri kufotokoza zimene adaona, ndipo akhristu a kumeneko, pomva kuti matchalitchi awo atenthedwa ndi azungu anzawo, adadzuka. A boma nawo adawerengera mtengo wa kuukira kwina kotere. Lamulo lothetsa ukapolo lidavomerezedwa pa 28 Ogasiti 1833, nkuyamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 1834. Eni akapolo adapatsidwa chipukuta misozi cha mapaundi 20,000,000, akapolo osalandira ngakhale khobidi, ndipo adawakakamiza kugwirabe ntchito kwa ambuye awo akale m'dzina la kuphunzira ntchito kufikira pa 1 Ogasiti 1838. Pa tsiku limenelo akhristu a Knibb ku Falmouth adaika unyolo ndi chikoti m'bokosi la maliro, nalikwirira.

Owerenga a ku Malawi sangalephere kukumbukira John Chilembwe, wa Baptist mnzake, amene adaukira eni minda ku Chiradzulu mu 1915, patapita zaka zoposa 80. Kusiyana kwake nkwakuti Chilembwe adali mbusa wodzozedwa, wophunzira ku America, wokhala ndi mishoni yakeyake, pamene Sharpe adali wothandiza abusa chabe, wosakhala ndi ufulu ngakhale pa thupi lake. Ku Jamaica komweko kudadzukanso dikoni wina wa Baptist, Paul Bogle, amene adatsogolera anthu osauka ku Morant Bay mu 1865, nayenso nanyongedwa.

Boma la Jamaica lidalengeza Samuel Sharpe kukhala ngwazi ya dziko mu 1975. Chaka chomwecho sukulu yophunzitsa aphunzitsi idatsegulidwa ku Granville, pafupi ndi Montego Bay, nitchedwa Sam Sharpe Teachers' College, ulemu woyenera munthu amene zonse zidayamba ndi kudziwa kuwerenga. Nkhope yake idakhala zaka zambiri pa ndalama ya pepala ya madola 50 a ku Jamaica, ndipo pa ndalama zatsopano za mu 2023 ili pa ya madola 500. Bwalo lija limatchedwa Sam Sharpe Square.

Atamunyonga, mtembo wake adaukwirira mumchenga m'mphepete mwa nyanja, monga ankachitira ndi onse ophedwa ngati zigawenga. Anthu a ku Montego Bay amasimba kuti patapita nthawi akhristu anzake adakafukula mafupa ake mwakachetechete, nakawaika m'tchalitchi chimene adamanganso, chimene lero chimatchedwa Burchell Memorial, pansi pa guwa lolalikirapo.